Mfundo ya M'mawa Uja

Deliwe anaponya chingwe pamapazi pa mlamu wake Mateyu.

"Mangani. Ndione ndi maso angawa."

Panali patatha miyezi itatu chiikireni mwamuna wake Kinsley, wokumba zitsime wodziwika Kanduku yense. Tsiku la ngoziyo, Mateyu ndiye ankamutsitsa m'chitsime. Mfundo ya m'chiuno inamasuka, munthu n'kukafikira mutu pamwala. Zoti ndi chifuniro cha Mulungu, Deliwe sankafuna n'kumva komwe. Chingwe chinachoka pakhomo chili ndi mfundo yabwinobwino. Wina anaigwiragwira kuchitsimeko, ndipo winayo ndi uyu, maso ali pansi ngati mbuzi yopezeka m'munda wa eni. Pamaliro anamutukwana. Kumsika wa Thambani anamuloza chala. Iye duu. Wosalakwa amakhala chete chonchi?

Mateyu anakoloweka chingwe panthambi ya mango, n'kumangirira thumba la mchenga lolemera ngati munthu. Yoyamba inali mfundo imene madalaivala a malole a kumalire amamangira katundu. Thumba linalendewera osagwa, koma pomasula anachita kulimbana nayo ndi mano. Yachiwiri, yomangira mbuzi, inafinya thumba mpaka msoko kutsala pang'ono kuphulika.

"Iyi munthu ingamuthyole nthiti, alamu," anatero Mateyu.

Yachitatu inagwira nganganga. Anagwedeza thumba, mfundo osasuntha. Pomasula, chala chimodzi chinakwana.

"Lero ndiye mwadziwa kumanga, eti? Poti ndi mchenga?" Deliwe anatsomphola chingwe. "Chokani apo! Ndikuonetseni imene anandiphunzitsa akulu anu. Ndi yomweyi ndinawamangira m'mawa uja, iwo akusaka nsapato. Mukanaisiya, bwenzi ana anga ali ndi bambo!"

"Alamu, chonde, zisiyeni. Ingonditukwanani basi."

Deliwe anamukankhira kumbali, n'kuyamba kumanga thumba lija. Manja anathamanga okha: kupinda, kulowetsa, kukoka. Mfundo inaoneka ndendende ngati yachitatu ija, kungoti kansonga kanatulukira mbali ina. Anakoka ndi mkwiyo wa miyezi itatu. Thumba linakwera, n'kugwedera kamodzi, kawiri. Kachitatu kansonga kanasololoka.

Thi! Mchenga mbwee.

Deliwe anangoti maso tong'o, kuyang'ana chingwe chili lende, chopanda kanthu.

"Sindinaikhudze, alamu," anatero Mateyu, misozi ili chuchuchu. "Ndinafuna kumanganso, achimwene anandimenya dzanja. Anati, 'Isiye iwe, wamanga ndi mkazi wanga.'"