Fomu ya Mnzake

"Achimwene, mwalemba apa kuti lamulo likakuchedwetsani mumangolilumpha," anatero mayi a kukampani yophika buledi, akuwerenga fomu pamaso pa kalasi yonse.

"Ndi mmene ndinabadwira, mayi," anayankha wophunzira amene anzake payunivesitepo ankamutcha Bwana. "Ine sindiuzidwa zochita."

Kampaniyo inkafuna wophunzira mmodzi woti atsegule nthambi: shopu ikhale yake, koma dzina ndi kaphikidwe zikhale za kampani. Ofuna mwayiwo anayankha mafunso ofufuza khalidwe. Bwana analemba mafomu awiri, yake ndi ya mnzake wogona naye chipinda chimodzi, munthu wofatsa amene anakana kulemba. Pofuna kuti anthu amuseke, anamuchongera mayankho onse amene iye ankati ndi a munthu wamantha: amatsatira malangizo, sasintha zimene wauzidwa, amafunsa asanachite kanthu.

"Nthambi zathu zonse zimaphika buledi wofanana, ngakhale mchere sitiwonjezera," anapitiriza mayiwo. "Inu mungatiphikire wanuwanu." Kenako anakweza fomu yachiwiri ija. "Munthu wathu ndi uyu."

Kalasi inawomba m'manja. Bwana anawerama ngati wagwetsa cholembera, ndipo sanadzuke mpaka anthu atayamba kutuluka.

Mnzakeyo anamupeza pakhonde.

"Aise, fomu ija ndinalemba ndine," anaulula Bwana, maso ali pansapato. "Ndinkafuna kukuchita chipongwe."

"Kalembedwe kako ndinakazindikira," anayankha mnzakeyo mofatsa. "Koma sunaphonye funso ngakhale limodzi. Sindinkadziwa kuti umandidziwa chonchi. Zikomo."