Foda Yofiira ya Mayi Pang'onopang'ono

Panali mtsikana wina amene ankagwira ntchito pa windo la mafayilo pachipatala china chaching'ono. Anali atangotha miyezi iwiri pantchitopo, ndipo zala zake zinkathamanga pa kompyuta. Mkulu wake anali mayi wachikulire amene onse ankawatchula kuti Mayi Pang'onopang'ono, chifukwa fayilo iliyonse ankaiwerenga kawiri.

Kompyuta yawo inali yakale, yolira ngati chigayo. Inalibe malo olembapo kuti wodwala uyu thupi lake limadana ndi mankhwala. Ndiye mayiwo anapanga njira yawoyawo. Aliyense amene anatupapo kapena kubanika atabayidwa penisilini, fayilo yake ankaiika mu foda ya pakompyutapo imene anaitcha YOFIIRA. Munthu wa mu fodamo akabwera, ankamulembera mtanda wofiira pa kapepala kopita nako kwa nesi. Munali anthu 61.

Kenako kunabwera makina atsopano, ndipo mafayilo onse anayenera kusamutsidwa. Sabata yomweyo mayi aja ankapita ku opaleshoni ya diso.

"Mwanangu, asamutse zonse, koma kompyuta yakaleyi asaikhudze mpaka ndibwere. Ndikufuna ndidzaone ndekha."

"Musadandaule, mayi," anatero mtsikanayo. Mumtima ankati, adzaona chiyani ndi diso limodzi?

Lachisanu masana katswiri wa makina anamaliza kusamutsa. Anamuitana mtsikana uja.

"Asisi, taonani. Mafayilo uku 9,204, ukunso 9,204. Sainani apa ndifufute yakaleyi. Ikupita kusukulu ya ana."

"Mayi anati tidikire."

"Mayi aja tikawadikira, tidzapuma nawo ntchito limodzi. Galimoto ikundidikira panja."

Mtsikanayo anaseka. Anasaina pansi pa mawu akuti "Ndaona zonse, zili bwino." Sanatsegule fayilo ngakhale imodzi.

Lolemba m'mawa anafufuza foda yofiira. Panalibe. Makina atsopanowo analibe mafoda n'komwe. Anangondandalika anthu onse motsatira zilembo za mayina awo. Anthu 61 aja anali atasakanikirana ndi ena onse, popanda chizindikiro chilichonse.

Anaimbira katswiri uja foni.

"Mafayilo onse alipo, asisi. Zamafoda n'zachikale. Yakale ija ndinaipukuta, ili mbee. Nanga si munasaina nokha?"

Anati akauze dokotala, koma anakumbukira siginecha yake. Anati aimbire mayi aja, koma akanayamba ndi mawu oti chiyani? Anabwerera pampando.

Kachipinda kake kanali ndi chitseko chimodzi ndi windo limodzi. Anthu ankabwera pawindopo, kupereka makadi, iye n'kuwayang'ana kumaso. Kodi ndi uyu? Kapena agogo awa? Kapena mwana ali kumsanayu? Cholembera chofiira chinali pa tebulo, chotseka. Aliyense ankamupatsa kapepala kopanda mtanda, kenako n'kutchera khutu kuchipinda cha jakisoni mpaka amve mapazi akutuluka.

Lachiwiri linadutsa. Lachitatu linadutsa. Chakudya chamasana ankabwerera nacho kunyumba osachikhudza.

"Wadwala kodi?" anafunsa nesi. "Kapena kuli achimwene ena akukusowetsa tulo?"

"Mutu chabe," anayankha.

Lachinayi kunabwera dalaivala wa basi ali ndi bala pamwendo, mkazi wake atamugwira mkono. Anali munthu wanthabwala. Pawindo anati, "Alamu, mundisankhire nesi wa dzanja lofewa, ine jakisoni ndimaopa kuposa apolisi a pamsewu." Anatenga kapepala kake n'kulowa.

Sipanathe mphindi zisanu. Kunamveka mpando ukugwa, kenako mkuwo wa mkazi uja.

"Akubanika! Thandizani! Zinalembedwatu izi! Mayi aja analemba pamaso panga chaka chatha! Mtanda uli kuti?"

Mtsikanayo anaima pakhomo. Milomo ya bambo uja inali itatupa, mpweya ukulira pakhosi. Dokotala anathamanga ndi jakisoni wina. Analimbana naye nthawi yaitali, mpaka chifuwa chinayambanso kukwera ndi kutsika.

Dokotala atatuluka, thukuta lili kamukamu, anamupeza mtsikanayo ataima pomwepo.

"Adokotala, si yekhayu," anatero. "Alipo ena 60."

Mawa lake Mayi Pang'onopang'ono anabwera diso limodzi lili ndi bandeji. Sanakalipe. Anakhala pampando wawo n'kunena kuti, "Tenga pepala. Lemba."

Anatsinzina diso labwinolo n'kuyamba kutchula mayina. Ena ankayamba awakumbukira nkhope, kapena matenda, kapena mwana amene ankabwera naye, dzina n'kubwera pambuyo. Anatha tsiku lonse. Atafika pa 42 analekeza.

"Enawo, mayi?"

"Atuluka m'mutu, mwanangu. Ndinkadziwa kuti ndikukalamba. N'chifukwa chake ndinapanga foda."

Mtsikanayo anapempha kuti amusamutse, ngakhale kokatsuka mabeseni. Dokotala anakana.

"Pawindopo suchokapo. Aliyense wobwera uzimufunsa."

Akuti mpaka lero ali pomwepo. Munthu akapereka khadi, amafunsa kuti, "Jakisoni anakuvutanipo?" Ena amayankha. Ena amati sakukumbuka. Ena amabweretsedwa atakomoka, osatha kuyankha. Pambali pa kompyuta yatsopanoyo anamata kapepala. Poyamba analembapo 18, chiwerengero cha mayina osowa aja. Wakhala akufufuta n'kulembanso, ndipo pano pali 11.

Phunziro: Kufanana kwa manambala sikutanthauza kuti zonse zasamuka. Musafufute chakale musanatsegule chatsopano n'kuona ndi maso anu, ndipo musasaine chimene simunachione. Amene anakhalitsa pantchito akati dikirani, afunseni chifukwa chake musanawaseke. Tumizani uthengawu kwa anzanu onse osunga mafayilo a anthu, makamaka amene akulandira makina atsopano.