Gogoda pa Fulo Yaiwisi

"Mwalowetsa mkazi m'chipinda changa ine ndisanagonemo n'komwe!" anatero mayi wa nyumba yatsopanoyo, akuloza pansi.

Pa fulo ya simenti yomwe anathira dzulo lake panali podinda nsapato ya gogoda, kuchokera pakhomo mpaka pawindo. Mmisiri, yemwe anadzutsidwa m'mamawa ndi mwamuna wa mayiyo kuti ayale matailosi msanga fuloyo isanaume bwino, anangoima tailosi ili m'manja, maso ali kudenga.

"Nsanje idzakupha iwe," anatero mwamuna wake akuseka. "Mapazi ako omwe awa. Tapondapo tione."

Mayiyo anapondapo. Nsapato yake inalowa ndendende, mpaka timizere takunsi tinafanana.

"Mwaonatu amisiri? Yalani, tikuchedwa."

Mmisiri anapaka simenti n'kuwerama kuti akwirire chidindocho, koma mayiyo anamugwira mkono.

"Tadikirani kaye, bambo." Kenako anatembenukira kwa mwamuna wake. "Fulo iyi anathira dzulo masana. Nsapato izi mwandipatsa lero m'mawa zili m'katoni, mukuti ndi mphatso. Ndiye munagula mapeyala angati? Musayang'ane amisiri, ndiyankheni ine."