Chotuluka m'mimba mwa a Maliro

"Ababa, munthu akamudula chifu, chakudya chimakafikira kuti?" Zena, mwana wa Che Omari, anafunsa choncho chaka chimene a Maliro, aneba awo, anachitidwa opaleshoni ya zilonda za m'mimba. Lero, Che Omari ali pakhonde la golosale yawo pa Manjawira, funsolo linawabwerera, pakuti a Maliro anali atang'ambidwanso, ndipo zala zonse zinkaloza Che Omari.

Nkhani inayambira pa mtengo wa mango wa kuseri kwa golosale. Mango ankatha, akupsa okhaokha. Che Omari anaganizira mbuzi za a Maliro, poti mpanda unali ndi bowo, ndipo tsiku lina mtima utawapsa anakuwa anthu akumva: "Chimene chikudya mango angawa chidzatupa mimba."

Mimba inatupadi, koma ya mwini mbuzi, munthu woti chichokereni kumpeni ankalumbira kuti amangomwa phala. Kuchipatala anawachotsa chinthu chonga mpira wa tsitsi. Kuyambira pamenepo palibe anagulanso ngakhale machesi kwa Che Omari.

Tsopano a Maliro ankabwera chowerama, botolo la chinthu chija lili m'manja. Pambuyo pawo panali akazi awo, a Lufina, ndi wapampando wa chipani, baji ikung'anima pachifuwa. Mumtima mwawo Che Omari anangoona golosale yawo itatsekedwa kale.

"Onani nokha, apampando," anatero a Maliro. "Munthu ndi nzeru zake angameze tsitsi?"

Apampando anagwira botololo ndi nsonga za zala. "Nanga adokotala anati chiyani?"

"Ankalankhula Chizungu."

"Anesi anamasulira," anatero a Lufina, maso ali pansi. "Akuti si tsitsi, ndi ulusi wa mango. Chifu chodulidwa sichiugaya, umangopombana mpaka kutseka njira."

Pakhomo pa a Maliro panalibe mtengo wa mango ngakhale umodzi. Maso onse anatembenukira kumpanda. Bowo lija, kuliyang'anitsitsa, linali la msinkhu wa munthu wowerama.

Apampando anabweza botolo, napukuta zala pathalauzi, nachoka.

"Aneba," anatero Che Omari patapita kanthawi, "mawa ndibwera kudzapepesa mbuzi zanu."

"Bwerani," anayankha a Maliro chapansipansi. "Nanenso ulusi akandichotsa pabalapa, mpanda uja ndidzautseka ndekha. Polowera ndikupadziwa."