Mtsuko Woboola Pakhosi

Chiumireni nyanja, lamulo ndi limodzi: munda wa pamatopepo amapatsa munthu amene wabweretsa chinthu chosonyeza kuti makolo ake anakhalapo. Makina ogawa malo samva nthano.

Esinala analibe munda, koma anali ndi nthano. Amayi ake ankati mudzi wawo unamira m'nyanjamo kalekale, n'chifukwa chake akazi akwawo amaboola mtsuko uliwonse pakhosi, kuti chigumula chikabwera aumangirire kudenga. Mwamuna wake, Layisoni, bowolo linkamunyansa.

"Amake Tawina, madzi osowa omwewa azitayikiranso pabowo? Mudzi wa pansi pa madziwo anauona ndani?"

Esinala anangomupatsa khasu. Ankakumba pamatopepo m'mawa uliwonse dzuwa lisanapse, iye patsogolo, Layisoni m'mbuyo akung'ung'udza. Ankangofukula zigoba za nkhono ndi maukonde ovunda. Tsiku lina khasu la Layisoni yemweyo linagunda chinthu, gobede! Linali phale la khosi la mtsuko, lakuda bii, lili ndi bowo losalala.

Ku ofesi, Esinala anaika phalelo pambali pa mtsuko wake wa kunyumba. Makinawo anaunika zonse ziwiri, n'kunena kuti, "Phaleli ndi lakale kuposa nyanjayi, ndipo kaumbidwe n'kamodzi. Munda ndi wanu."

Esinala anaimba nthungululu mpaka alonda anathamangira m'katimo. Pobwerera, Layisoni anasenza yekha mtsukowo, akuonetsa bowolo kwa aliyense wokumana naye.

"Amake Tawina, mwana wathuyu mudzamuphunzitsa liti kuboola?"

"Ndinamuphunzitsa kale, bambo, inu muli pakalikiliki kung'ung'udza."