Dzino la Golide la a Hudson

Panali munthu wina kwa Kawinga, dzina lake Hudson, amene anamwalira m'chaka cha 1952, nyengo yokolola, chifukwa cha dzino limodzi. Amafotokoza nkhaniyi ndi adzukulu a mlongo wake, ndipo si anthu okometsera nkhani.

Hudson anali mtchona. Anakhalitsa kumigodi ku Joni, ndipo pobwera anapeza mkazi wake ku Nselema atakwatiwa ndi mwamuna wina, ana akumutcha mlendo. Anabwerera kwawo, namanga kanyumba kumapeto kwa mudzi wa mlongo wake Sabina. Suti inatha, nsapato zinang'ambika. Chimene chinatsala cha ku Joni chinali dzino lakutsogolo lokutidwa ndi golide. Anthu analibe nthawi yomvera nkhani zake za pansi pa mgodi, koma akadutsa pachitsime amayi ankamuseka kuti, "Alamu, tasekani tione, dzuwa lachedwa kutuluka lero." Iye ankaseka. Tsiku lonse, macheza ake ankakhala omwewo.

Dzinolo linayamba kuwawa. Poyamba linkanyanyuka akamwa madzi ozizira, kenaka linkagunda ngati ng'oma ngakhale asanadye kanthu. Sabina anamuperekeza kuchipatala cha mishoni, kumene a Hilary, othandiza adokotala, anagogoda dzinolo ndi kachitsulo. Anamuuza kuti pansi pa golideyo dzino labowoka, ndipo mtsempha wa m'kati ukuwola. Iwo pamishonipo ankangodziwa kuzula. Hudson anatseka pakamwa ndi dzanja.

A Hilary atawona zimenezo anati ku Limbe kuli dokotala wa mano wachimwenye amene amabowola dzino kumbuyo, kuchotsa mtsempha wowolawo, kutsuka muzu ndi kumata, dzino n'kukhalabe m'kamwa. "Koma bambo, pitani msanga," anatero. "Ndipo likadzasiya kuwawa lokha musadzasangalale. Ndiye kuti mtsempha wafa, mafinya ali m'njira."

Sabina sakanatha kusiya chimanga m'munda. Hudson anawoloka Shire yekha pa Liwonde, nakafika pasiteshoni ya Balaka kudikira sitima.

Ali chikhalire, atagwira tsaya, kunabwera munthu wovala chipewa cha kumigodi, namulonjera m'chilapalapa, chilankhulo cha pansi pa mgodi. Hudson anali asanachimve chibwerereni. Mlendoyo ankadziwa makomboni, mayina a akapitawo, ngakhale nyimbo zokankhira ngolo. Anacheza mpaka Hudson anaiwala kuti akudwala.

Atamva za ulendowo, mlendoyo anapukusa mutu. "Iyayi achimwene, inu munthu woyenda mungapusitsidwe chonchi? Akakugonekani pampando, mukadzuka golide ali m'thumba mwa mmwenye. Chikukulumanicho ndi mbozi. Tiyeni kuseriku."

Kuseri kwa nyumba yosungiramo thonje anawotcha khasu pamoto, naikapo njere za nthula ndi mafuta, namupatsa Hudson phesi la papaya kuti akokere utsi padzino. Pansi anaika mbale ya madzi. Posakhalitsa m'madzimo munawoneka tinthu toyera tonga ulusi. Tinali timitima ta njere zomwezo tophulika ndi moto, koma Hudson anawona mbozi. Anamulipira munthuyo ndalama yake ya sitima. Sitima itafika, mlendoyo ndiye anakwera.

Dzino linawawabe masiku ochepa, kenaka linangoti zii. Hudson anayenda m'mudzi akuuza aliyense kuti wachira. Sabina anamukumbutsa mawu a a Hilary, iye nayankha kuti, "Achemwali, inu simunadutsepo Liwonde. Za mano zisiyireni ife."

Mwezi usanathe, pankhama panatuluka kachithupsa. Mlomo wam'mwamba unatupa, kutupako kunakwera m'mbali mwa mphuno mpaka diso linatsekeka. M'kamwa munayamba kununkha. Hudson anachita manyazi kuwoneka chotero pachitsime, komanso kubwerera kwa a Hilary. Anadzitsekera m'nyumba.

Mudzi wonse unali kumunda. Ndipo kunena zowona, anthu anali atazolowera kale kusamuwona. Sabina ankamusiyira chakudya pakhomo mamawa, iye nayankha ali m'kati kuti ndi malungo chabe. Tsiku limene anapeza mbale yadzulo isanakhudzidwe, anakankha chitseko. Mchimwene wake anali kunjenjemera pamphasa, nkhope yosazindikirika, akubwebweta m'chilapalapa. Palibe m'mudzimo amene anamva zimene ankanena.

Anamunyamula pamachira kupita kumishoni. A Hilary anazula dzino, mafinya anatuluka, anamubaya jekiseni, koma matenda anali atalowa kale m'magazi ndi m'mutu. Anamwalira asanatsitsimuke. Poti kwawo kunali kutali ndipo thupi linali litatupa, anamuika m'manda a alendo pamishoni pomwepo. Pamandapo palibe mtanda, ndipo adzukulu a Sabina sadziwa kuti ndi ati.

Phunziro: Dzino lobowoka likasiya kuwawa lokha silinachire, mtsempha wake ndiwo wafa ndipo mafinya akusonkhana kumuzu. Masiku ano madokotala a mano amatha kutsuka muzu dzino osalizula, choncho pitani nkhope isanatupe. Musakhulupirire munthu chifukwa choti wacheza nanu bwino. Ndipo ngati muli ndi m'bale wokhala yekha, musamangofunsira pakhomo, lowani mumuwone. Tumizirani ena nkhaniyi, makamaka amene akutafunira mbali imodzi.