Kumene Hatchi Inakaima

"Kodi bambo, zingwe za hatchi zimangoduka Lachinayi lokhalokha?" anafunsa Saloma, akuyang'anitsitsa ndevu za bambo ake zimene masiku amenewa zinkapesedwa ngati akupita ku mapemphero.

"N'zakale, ndiye ndimakakonzetsa," anayankha a Enos Beiler, maso ali kumbali.

Panali patangotha chaka chimwalirireni amayi ake, ndipo Saloma sanakhutire. Mu mpingo wawo wa Aamishi, Akhristu oyenda pa ngolo za hatchi, anthu amabisa chibwenzi mpaka tsiku lochilengeza, koma hatchi sibisa njira imene yazolowera.

Lachinayi lotsatira a Enos anagona ndi chimfine. Saloma anamanga hatchiyo pa ngolo n'kuilekerera kuti iziyenda yokha. Inadutsa kwa wokonza zingwe osacheuka n'komwe. Inadutsanso nyumba za akazi amasiye awiri amene iye ankawaganizira, kenako inakhota n'kukaima pa chipata cha manda.

Saloma anagwidwa ndi manyazi. Kani bambo ankabwera kudzalira mkazi wawo! Anatsika misozi ili chuchuchu.

Pomwepo hatchi ina yomangidwa pamthunzi inalira, yawoyo n'kuyankha ngati mnzake wakale. Kuseri kwa mtengo kunatulukira a Lovina, amene malemu amuna awo anagona mzere umodzi ndi amayi a Saloma, atanyamula chitumbuwa cha maapozi ndi mafoloko awiri.



"Bambo ali ndi chimfine," anatero Saloma.

"Ndinanena ine!" a Lovina anafuula. "Sabata yatha ndinawaletsa kukhala pa udzu wonyowa, koma bambo akowo samva."